Kafulashi Kofiira ndi Mpando Umodzi

Anzanga, ndawamva! Amayi anga ndawamva akuimba, ndawaonanso ndi maso angawa, atavala duku loyera la kwaya, akuseka ndi kampata kawo ka m'mano kaja! Dikirani ndipume kaye, chifukwa pali mlandu woti mundiweruzire.

Kalekale, chabwino, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, koma kwa ine ndi kalekale, amayi anamwalira ndili sitandade 2. Nkhope yawo ndinkaiona pa chithunzi, koma mawu awo anali atanditayika. Ndinkatsinzina n'kumayesa kuwamva akundiitana kuti "Tinenenji!" koma ankabwera anali mawu a azakhali amene akundilera. Ndiye sabata yatha, ndikukutumula sutikesi ya amayi, ndinapeza kafulashi ka pa kompyuta, kofiira, kokulungidwa m'kampango, kolembedwa kuti "Kwaya".

Lolemba ndinakatengera ku ofesi ya kopaletivi ya alimi a mtedza, kumene azakhali amagwira ntchito. Titakalowetsa pa kompyuta yawo, panatuluka uthenga wakuti fulashiyo ifomatidwe kaye. Ine ndi phuma langali ndinangodina povomera, osadziwa kuti kufomata kumafufuta zonse zam'kati. Kompyuta inakana. Ndinadinanso. Inakananso, akuti azakhali alibe chilolezo.

Anthu amene anapulumutsa kafulashiko ndi atatu. Woyamba ndi a Kamwendo, oyang'anira makompyuta. Chaka chatha munthu wina anafufuta mwangozi mayina a alimi onse, ndiye iwo analanda aliyense chilolezo chofomata, n'kutseka ndi pasiwedi yodziwa okha. Ofesi yonse inkawanena kuti ndi ouma mtima. Tsikulo kunalibe, anali kumaliro ku Dedza, ndipo ine sandidziwa n'komwe. Azakhali anapsa mtima. "Bambo ameneyu amayesa makompyutawa ndi a kunyumba kwake!" Anawaimbira foni katatu, mpaka a Kamwendo, ali pakati pa anamfedwa, anangowanong'oneza pasiwediyo kuti asiye kuwavutitsa.

Wachiwiri ndi mayi Nachisale, amene amakolopa mu ofesimo. Kompyuta amangoipukuta fumbi, sanaiyatsepo. Azakhali atangolemba zilembo zitatu za pasiwediyo, mayiwo anasiya ndowa n'kuwagwira mkono, manja ali chinyowere.

"Pepani madamu. Uja wa chaka chatha ankadinanso chonchi, kenako analira mpaka poweruka. Iwe mwana, m'kanthukamo muli chiyani?"

"Muli amayi anga," ndinatero.

Azakhali anachotsa manja pa kompyutapo ngati agwira khala la moto.

Wachitatu ndi achemwali Sungeni, akalaliki. Fulashi inali isanafufutidwe, inde, koma inali yosatsegukabe. Iwo anaitengera pa laputopu yawo, masiku atatu osapita ku nkhomaliro, akuyesa njira iyi ndi iyo. Lero atandiona pakhomo ndikuchokera kusukulu, anangoti, "Tine, khala apa. Usalankhule."

Anatsegula kanema wa m'kafulashimo. Poyamba ndinamva mabenchi akukhulana, wina akutsokomola. Kenako kwaya inayamba, ndipo pamzere wachiwiri, kumanzere, amayi! Mawu awo si momwe ndinkaganizira, ndi aakulu, osasa pang'ono. Nyimbo itatha anatembenuka, n'kuloza kunja kwa kanema, nati, "Tinenenji, tsika pa benchipo, ugwa!"

Anzanga, pamenepo ndabwezapo kakhumi ndi kawiri. Achemwali Sungeni sanandiletse.

Tsopano mlandu ndi uwu. Ndathamangiranso kusukulu, ahedi andilola kuonetsa kanemayo m'holo mawa tikaweruka, ndipo andipatsa mpando umodzi wa mlendo, pambali panga. Umodzi basi. Azakhali akuti iwo ndisawawerengere, aima kumbuyo. Akuti ndipatse achemwali Sungeni, amene anakhala ndi njala. Achemwali Sungeni akuti pakanapanda dzanja lonyowa lija sakanapeza choti apulumutse. Mayi Nachisale akungoseka, akuti, "Ine ndinabwera mwadina kale kawiri, anakuletsani poyamba ndani?" Nanga a Kamwendowo, anatseka chitseko ndi iwo, koma anapereka kiyi pa foni ndi iwo omwe!

Mawa mubwere nonse, hafu pasiti 2, mudzaone amayi anga akuimba. Mudzaone kuti kampata kanga ka m'manoka sindinatole panjira. Koma musanachoke pano ndiuzeni: mpando uja akhalepo ndani?