Galu Amene Ankayang'ana Pakamwa pa a Chikakuda

Panali munthu wina, dzina lake a Chikakuda, amene anayamba kuphunzitsa agalu nthawi imene kudera kwawo kunalibe woganizapo kuti galu angaphunzire. Masiku amenewo galu anali wosakira ndi wogona pakhomo. Akalakwa ankamugenda ndi chikuni, nkhani n'kuthera pomwepo.

Poyamba a Chikakuda anali mlonda pa golosale ina. Akuba anaponya nyama yothira chiphe mkati mwa mpanda, galu wawo n'kudya, n'kufera m'manja mwawo. Anamukwirira okha, ntchito n'kuisiya. Analumbira kuti galu wina sadzawaferanso chifukwa cha dyera.

Sankamenya. Ankaika mbale pansi n'kuima chilili. Galu akathamangira mbale, ankaichotsa. Akaiyang'anitsitsa, ankaichotsanso. Galu akasiya mbale n'kuyang'ana pakamwa pawo, m'pamene ankati, "Idya." Pakatha mwezi, galuyo ankadumpha nyama yootcha panjira osainunkhiza n'komwe.

Anthu ankaseka. "A hedi, ana asukuluwa yunifolomu muwasokera liti?"

A Chikakuda anangotola kagalu kakuda n'kukatcha Adzatopa. Ndipo osekawo anatopadi, chifukwa chaka chimene akuba anapha agalu mudzi wonse, anatsala ndi ophunzira okhawo. Anthu anayamba kubwera ndi agalu awo, ena pagalimoto kuchokera m'tauni.

Galu akaphunzira, mwini wake ankayenera kubwera masiku asanu ndi awiri. Ankaima limodzi ndi a Chikakuda n'kumanena mawu aja pamodzi. Tsiku lililonse a Chikakuda ankatsitsa mawu awo pang'ono, mpaka galu atazolowera mawu a mwini wake. Ankati kumeneku ndiko kupereka galu. Agalu onse ankawapereka. Adzatopa yekha sanamupereke kwa munthu.

Wophika chakudya cha agalu anali mwana wawo wamkazi, Elube, ndipo nkhaniyi inkamusowetsa tulo.

"Bambo, tiyeni tiime limodzi, Adzatopa azindimvera inenso."

"Iwe uli ndi mwamuna, azikumvera ameneyo. Ine ndisiyire galu wanga."

Alendo akabwera, a Chikakuda ankawapatsa chiwindi kuti amunyengerere galuyo. Akalephera, iwo ankaseka mpaka kutsokomola. "Mwaona? Samva wina aliyense."

M'mawa wina a Chikakuda anagwa akusukusula. Atabwera nawo kuchokera kuchipatala patatha masiku awiri, mbali imodzi ya thupi inali itafa, mawu atapita. Elube anawagoneka pamphasa pakhonde. Pomwepo anaona mbale ziwiri zimene mnansi anamuikira galu, zili zodzadza, zitachita thovu.

Adzatopa anabwera n'kukhala moyang'anizana ndi mphasa. Elube anatsuka mbale, n'kuikamo chakudya chotentha.

"Idya."

Galu sanatembenuze ngakhale khutu. Elube anayesa kukulitsa mawu ngati a bambo ake. Mwamuna wake anayesanso. Galu anangoti maso tong'o pakamwa pa a Chikakuda. Sankauwa ndipo sankalira. Dzuwa likatentha ankapita kukanyambita madzi odontha pamgolo, n'kubwerera pamalo pomwe paja. Nkhuku zinkajompha m'mbale yake, pansi pa mphuno yake penipeni, iye osazithamangitsa. Anthu obwera kudzazonda matenda ankatsitsa mawu okha popanda wowauza, ndipo sankakhalitsa.

Tsiku lachisanu Elube anamugwira galuyo, n'kumukanula kukamwa, n'kuikamo nthuli ya nyama. Adzatopa sanamulume. Anayenda nayo nyamayo kukamwa, n'kukaiika bwinobwino m'mphepete mwa mphasa, n'kukhalanso pansi.

Elube anagwada pambali pa bambo ake. "Bambo, yesani. Tinene limodzi monga munkachitira ndi eni agalu aja."

A Chikakuda anayendetsa milomo. Galu anaimika makutu, thupi lonse likunjenjemera. Kunangotuluka mpweya ndi dovu. Makutu aja anagwa pang'onopang'ono. Msozi unatsika m'diso limodzi la bambowo, lina lili louma.

Elube anaganiza kuti galu akasiya kuwaona bambo ake, njala idzamugonjetsa. Nthiti zinali zitayamba kale kuwerengeka. Anamukweza pa wilibala, n'kumukankha mpaka kutsidya kwa mtsinje kwa azakhali ake. Kumeneko anamutsekera m'khitchini pamodzi ndi nyama. Kutacha, potsegula chitseko kuti atulutse bambo ake, anamupeza Adzatopa ali pakhonde, ubweya wonyowa, zikhadabo zikutuluka magazi. Anali atakumba pansi pa chitseko cha khitchini ija. Nyama anaisiya komweko.

Elube sanayesenso china. Koma m'mawa uliwonse ankaikabe mbale, pakuti kusaika kunali ngati kumuuza galuyo kuti afe.

Tsiku la khumi ndi chimodzi anamupeza mutu uli pamiyendo yakutsogolo, maso ali otsegula, akuyang'anabe pomwe paja. Anazindikira kuti wapita ataona ntchentche ikuyenda padiso. Mwamuna wake anakamukwirira kuseri kwa nthochi.

Patapita masiku atatu, Elube akusesa pabwalo, anamva kumbuyo kwake mawu omveka bwino, mawu enieni akale aja.

"Idya."

Tsache linagwa. Potembenuka anaona bambo ake akuyang'ana pansi, pamalo opanda kanthu pamene pankakhala galu.

A Chikakuda anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Pa mawu onse amene ankadziwa, anabwerera amodzi okhawo. Ukawapatsa moni, ankayankha amenewo. Akamva ululu, amenewo. Ndipo sankayang'ana amene akuwalankhulayo.

Amayi anzanga, ndi kangati mwamva wina akunena kuti, "Wangayu sadya kwa munthu, sabelekedwa ndi wina, amangofuna ine"? Timanena tikumwetulira, poti kufunidwa wekha kumakoma. Koma palibe anapangana ndi pakamwa pake tsiku limene padzatsekeke. Mawa m'mawa mukaphika phala la mwana, supuni mupereke kwa bambo ake kapena kwa alamu anu, inu mukhale pambali, manja pamiyendo. Mwana adzalira akuyang'ana inu. Musiyeni alire mukadalipo.