Ana a Nankhoma pa Chitsa cha Mthombozi

Ndikanama pano, mphenzi indigawe pakati dzuwa likuswa mtengo! Pali malemu bambo anga kumanda, liwu lililonse la nkhani iyi ndi loona. Ndiname ine? Ine amene ndinadula mlombwa umene unayamba kugwa Lolemba n'kukafika pansi Lachinayi? Ikani zikwanjezo pansi ana inu, mumve chifukwa chake chitsa chimaphukira.

Kalekale, mapiri onsewa akadali zulu za chiswe, mtengo ukadulidwa unkafa basi. Chitsa chinkauma gwa ngati fupa. Mawu akuti mphukira kunalibe.

Nthawi imeneyo kunali mayi wina dzina lake Nankhoma. Mwamuna wake anali Gwedeza, mkamwini wochokera kutsidya. Kamunda kawo kanali kakang'ono, koti munthu ukayetsemula mamina amagwera m'munda wa eni. Pakati pake panali mthombozi. Osati timithombozi tanu tamakonoti ayi. Umenewo mbalame ikagwetsa dzira kunsonga, linkaswa lili m'njira, kamwana n'kuuluka kasanafike pansi.

Nankhoma anabereka ana anayi, ndipo onse anapitirira asanatuluke m'chikuta, ndi dzina lomwe asanapatsidwe. Ana otere salira maliro. Amayi okhaokha amakawaika mwakachetechete, ndipo onse anayi anawaika patsinde pa mthombozi uja. Poti kulira kunali koletsedwa, mawere akamuwawa Nankhoma ankapita pamtengopo, n'kugwada, n'kufinyira mkaka pamizu. Panalibenso china chimene akanawapatsa anawo.

Koma mthunzi wa mtengowo unkapha chimanga. Chaka ndi chaka nkhokwe inali mbee. Tsiku lina kunabwera Chidzanja, mlongo wake wa Nankhoma, mwini mbumba.

"Alamu," anatero Chidzanja, "mwana palibe, chimanga palibenso. Kodi mlongo wangayu ndinamukwatitsa kwa munthu kapena kwa mpini? Chaka chino nkhokwe ikapanda kudzaza, mupinde mphasa yanu."

Madzulo ake Gwedeza ananola nkhwangwa. Nankhoma atamva kulira kwa mwala wonolera, anapita kukamufunsa.

"Bambo, nkhwangwayo ya chiyani?"

"Mwamva nokha, Nankhoma. Mtengo uja ugwe, apo ayi ndigwa ndine."

"Pali ana pansi paja."

"Ana akufa sadya, mayi. Ife amoyo tikutafuna malovu."

Nankhoma anati, "Ngati ndi choncho, patseni nkhwangwayo. Mlendo asawagwetsere denga, ndiwagwetsere ndine mayi wawo."

M'mawa anapita yekha. Pamanda sayimirira, choncho anadula atagwada, chitsa n'kutsala cholekeza m'bondo. Pamwamba pake anapendeketsa ngati denga, kuti mvula izitsetsereka, ana asanyowe. Nkhwangwa italowa, m'mtengomo munatuluka utomoni woyera, mkaka wake womwe uja. Mtengo pogwa, fumbi lake linaphimba dzuwa mpaka nkhuku zinakalowa m'khola masana.

Mvula yoyamba itagwa, Nankhoma anapita kukadzala. Atafika pachitsa, mbewu zinamutayika m'manja. Pakhungwa panali titatuluka timphukira tinayi, tofiirira, tofewa ngati zala za khanda.

"Mwabwera?" ananong'ona. "Mwabwera ndithu ana anga?"

Pomwepo anawapatsa mayina amene sanawapatse m'chikuta: Abwera, Akhala, Tsalani, ndi kotsiriza, kakang'ono kwambiri, Usapitenso. Anatema minga n'kutchinga kuti mbuzi zisawadye. Aliyense ankamudziwa tsamba ndi tsamba. Mphepo ikawomba ankamva akuseka.

Mphukira zija zinakula msanga, moti Gwedeza atakolekapo chipewa popalira, pomaliza mzere anachifuna ndi makwerero. Mthunzi unayambanso.

"Ana anuwa atiphanso ndi njala," anatero Gwedeza.

"Bambo, mwana tsitsi likakula timadula mutu? Timameta."

Nankhoma anawameta nthambi, masamba n'kukwirira m'mizere, nthambizo n'kukhala nkhuni. Dzuwa linalowa, chimanga chinabereka, chisononkho chimodzi kunyamula anthu awiri. Nkhokwe inadzaza mpaka kubuula. Aka kanali koyamba Nankhoma kugona tulo ngati mayi wa ana.

Nkhani ikanathera pamenepa, bwenzi tikuvina. Koma pamowa wa masika Chidzanja anatsegulanso pakamwa, pamaso pa amuna onse.

"Nkhokwe yadzaza, inde. Koma mwamuna weniweni akagwetsa mtengo amatentha chitsa, munda n'kuyera. Alamu angawa mtengo anawadulira ndi mkazi, chitsa akuchilera ngati mdzukulu. Tiwagulire nsalu azichibereka!"

Amuna anaseka mpaka kugubuduka. Gwedeza anasiya chipanda chili ndi mowa.

Tsiku limenelo Nankhoma anali kudambo, kukumba dothi loumbira mbiya. Atadzutsa mutu anaona utsi ukukwera kumunda kwawo. Sanafunse munthu. Anataya dengu, nathamanga, minga ikumulasa osaimva. Anapeza mapesi ataunjikidwa pachitsa, moto uli lawilawi, Gwedeza ataima poteropo ndi chikuni m'manja. Utomoni unkawira m'makungwa, n'kumalira tswii, tswii, ngati makanda.

Nankhoma anapalasa motowo ndi manja ake mpaka khungu linasupuka. Koma Abwera anali atagwa kale, Akhala ndi Tsalani ali makala. Usapitenso anaima pang'ono, n'kupinda mutu.

"Amandiseka, Nankhoma," anatero Gwedeza. "Amuna onse amandiseka."

"Kuseka kumapha, bambo?"

Gwedeza anapinda mphasa yekha, osadikira kuthamangitsidwa, ndipo sanaonekenso.

Pamenepo Nankhoma analira maliro anayi aja amene anamuletsa, onse pakamodzi. Misozi yake ndiyo dambo limene mumamwetsako mbuzi zanu lija. Anadikira mvula. Inagwa, chitsa chili bii. Anadikira ina, chitsa chinafumbutuka n'kusanduka dzenje.

Ndiye anatola nkhwangwa. Anati mumtima, "Kapena anathawira mumtengo wina." Analowa m'tchire, nagwada pa mombo, naudula molekeza m'bondo, mopendeketsa. Mitengo inali itamva kulira kuja, ndipo mombo unamumvera chisoni, unamutulutsira mphukira. Nankhoma anaitana, "Abwera! Akhala!" Zii. Sanali ake. Anagwada pa msuku, unaphukira. "Tsalani!" Zii. Kumene kunali mbuzi zambiri ankasadza pamwamba, kupitirira mutu wake, kuti ana akabwera zisawafikire. Anayenda choncho mpaka imvi, mpaka mawondo anauma ngati ziboda. Mitengo yonse inamupatsa ana, koma ake sanawapeze. Anamupeza atafa chogwada, nkhwangwa ili m'manja, pakamwa pali potsegula ngati akuitana kotsiriza kaja.

Ndi chifukwa chake lero chitsa chimaphukira: mitengo ikamva nkhwangwa imayesa ndi Nankhoma wabweranso. Ndi chifukwa chake timadula molekeza m'bondo, mopendeketsa, ndipo pa mbuzi timasadza pamwamba, kuti nkhuni ndi nsichi tizizipeza pamtengo womwewo chaka ndi chaka. Mthombozi ukautema umatulukabe mkaka. Koma chitsa ukachitentha mpaka kumizu, usadikire kanthu. Wapha ana a mwini kachiwiri.

Ukuti chiyani iwe Fanuelo? Ati bulugamu wa kusukulu amaphukira pomwe anachita kubwera ndi sitima, Nankhoma atafa kalekale? Zamkutu! Ukuyesa mitengo siuzana nkhani? Bulugamuyo anaimva ali pakati pa nyanja, ndipo analira njira yonse, n'chifukwa chake mpaka lero ali ndi ludzu loumitsa zitsime. Tola chikwanje chako uko, udule bwino chitsacho. Ndipo ugwade.