Khutu Limodzi Lizikhala Panja

Chinthucho chinalowa m'nyumba mwa Sellah Loweruka lina masana, chitakulungidwa m'thawulo la mwana, ngati kuti ndicho khanda la pakhomopo. Amuna ake, a Crispin, anachitsitsa pa tebulo ndi ulemu umene sanaupatsepo ngakhale apongozi awo. Chinali chibokosi chakuda chophwatalala, chokhala ndi mbale ziwiri zozungulira ndi timabatani tambirimbiri. Dzina lake, anatero, ndi kontirola. Achigula ku Limbe, ndipo kuyambira lero anthu a pa esiteti asiye kuwatchula kuti kalaliki wa pa sikelo ya tiyi. Iwo tsopano ndi DJ.

Sellah anali mayi wa mtima wosakhazikika. Mwana wake Lisa akagona nthawi yaitali, ankapita kukamuika chala pamphuno. Akatsokomola kamodzi, chitenje chopitira kuchipatala chinali chili kale m'chiuno. Maso otere sapuma. Choncho a Crispin akalumikiza kontirola ku laputopu n'kutsegula mavidiyo ophunzitsa pa foni, iye ankayamwitsa mwana uku akusuzumira pamwamba pa phewa lawo. Chingerezi cha ku sekondale chinali chisanamuthawe, ndipo ankamva zambiri kuposa eni foni, amene vidiyo ikangofika pofotokoza ankaidumphitsa kuti afike msanga pamene mphunzitsiyo akugwedeza mutu.

Zimene Sellah anatolapo n'zakuti nyimbo zimakhala ziwiri, ina pa mbale ya kumanzere, ina pa ya kumanja. Pakati pali kachitsulo kotsetsereka, akuti feda, kamene kamasankha nyimbo yopita ku masipika. Ndiye pali batani lina, akuti kyu, lotumiza nyimbo m'mahedifoni mokha, kuti DJ ailawe yekha asanagawire anthu. Ndiye kuti zimene DJ akumva ndi zimene anthu akumva zitha kusiyana ngati tiyi wa m'munda ndi tiyi wa m'kapu. Koma panyumbapo panalibe sipika. Zonse zinkathera m'makutu mwa a Crispin, ndipo m'makutumo iwo anali katswiri wosalakwitsa.

"Bambo a Lisa," anatero tsiku lina, "mwaona kuti anzanu a m'mavidiyomu onse amasiya khutu limodzi panja?"

"Sitayilo chabe imeneyo."

"Akuti n'kuti azimva zimene zikupita kwa anthu."

"Zimenezo ndinadziwa kale, mayi a Lisa. Mahedifoni ndinagula a makutu awiri. Ndivale khutu limodzi, ndinagula theka? Inu tayang'anani phala la mwana likupserera."

Phalalo silinkapserera, koma Sellah anapita kukaliyang'ana.

Mayeso anabwera ndi chinkhoswe cha Hazel, mng'ono wake wa Sellah, kwawo kwa Kapichi. Malume awo, a Yesaya, anali atakonza zoitana Limbikani, DJ wa ku Luchenza amene anali ndi masipika akeake. A Crispin atamva anasiya kudya. Ankalankhula ndi khoma kuti pali mabanja ena amene mkamwini amamukumbukira pofolera denga pokha. Sellah anapirira masiku angapo, kenaka anabereka mwana n'kukagwada kwa amalume.

A Yesaya sanafulumire kuvomera. Anamukumbutsa kuti akuchimuna, a kwa Goliati, ndi anthu oti nkhuku ikangoyetsemula amati ndi malodza, ndiponso kuti azakhali ake a Caleb, mwamuna wa Hazel, akhala akufunafuna pogwira kuti ukwatiwu usachitike.

"Mwamuna wako ife timamudziwa pa sikelo," anatero. "Za nyimbozi, mawu ndi ako."

"Aphunzira ndithu, amalume," anayankha Sellah, ndipo amalume anavomera monyinyirika.

Tsikulo m'mawa Limbikani anabweretsa masipika obwereka, nawalumikiza pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kupempha nyimbo iliyonse yoyesera. A Crispin anaponya pa mbale ya kumanzere nyimbo yoyamba imene inawagwera m'maso: ya kwaya ya kutchalitchi kwawo, imene iwo eni anaijambula pa maliro a kapitao wina wa pa esiteti. Limbikani anakankhira feda kumanzere, mawu oyambira a kwayayo anang'ung'udza pang'ono, a Crispin n'kuimitsa. Masipika ali bwino. Mnyamatayo anadzipereka kuti akhale nawo pambali poti n'koyamba, ndipo anayamba kunena kanthu za feda uja. A Crispin anamudula pakamwa. Anadziwa kale. Mphika umodzi suphikidwa ndi amuna awiri, apite azikaona zina.

Amalume analamula kuti makina akhale chete mpaka nthawi yotulutsa atsikana. Mapemphero anachitika, ankhoswe analankhula, ndipo Sellah, atakhala pamphasa ndi amayi anzake, maso anali pa tebulo la amuna ake. Anawaona akuika nyimbo yovina pa mbale ya kumanja. Anawaona akudina kyu. Anawaona akuvala mahedifoni, makutu onse awiri, kuwakanikiza bwinobwino ngati munthu wotseka botolo la thobwa. Ali patali choncho sakanatha kuona kumene feda inali.

Atsikana anatuluka m'nyumba pamzere, atafunda zitenje kumutu mpaka kumapazi, kuti Caleb asankhepo wake. A Yesaya anakweza dzanja. A Crispin, monga ankachitira kunyumba pofuna kukometsa, anamenya mabatani oyambitsa a mbale zonse ziwiri nthawi imodzi, ngati woimba ng'oma ya tchopa.

M'makutu mwawo munalira nyimbo yothyola chiuno. M'masipika munatuluka kwaya, pang'onopang'ono, mokweza mpaka mbalame zinathawa mu mtengo: "Gona m'bale, gona, ulendo wako wathera pano."

Nthungululu zimene zinali zitayamba zinafera pakhosi. Atsikana ofunda aja anaima chilili pakati pa bwalo, ndipo pamenepo aliyense anaona kuti anthu ofunda kumutu mpaka kumapazi amafanana ndi chiyani. A Crispin anali atatsinzina, mapewa akuvina, mutu ukugwedera ngati wa gulo. Amalume anawakupizira manja kuti aimitse. A Crispin anatsegula diso limodzi, naona mkulu wa banja akukupiza manja, nasangalala kuti ngakhale madala agwidwa nayo. Anatola maikolofoni.

"Eee, a malume ayamba kale! Tiyeni nonse timperekeze Hazel wathu! Uyu wapita basi, sabweranso!"

Mayi wina wa kuchimuna anayamba kulira zenizeni, mwina chifukwa cha chizolowezi.

Sellah sakumbuka mmene anadutsira bwalolo. Anangozindikira ali pa tebulo, Lisa akulira kumsana. Sanakhudze batani lililonse. Anagwira hedifoni ya kumanzere ndi zala ziwiri, naikweza pang'ono pokha.

"Tamvani zija munadziwa kale."

Mapewa anaima. Kwaya inali itafika pa vesi yonena za dothi kubwerera kudothi. A Crispin anasakasaka pa mabatani ngati munthu wofuna machesi mumdima, nakweza mawu m'malo motsitsa, mpaka a Yesaya anakazula chingwe cha magetsi ndi dzanja lawo.

Azakhali a Caleb anali ataimirira kale, akumanga chitenje. Ananena modekha, mmene amalankhulira munthu amene Mulungu wamuyankha pemphero, kuti iwo anabwera ndi tambala wa chinkhoswe, sanadziwe kuti pafunika makasu. Ngati a kuno aona kale mathero a ukwatiwu, anene poyera. Zinatengera ankhoswe a mbali zonse kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kupendeka, a Yesaya akupepesa ngati mwana, abusa n'kupempherera bwalo lonse kuti malodza achoke. Mwambo unapitirira ndi nyimbo zapakamwa ndi kuomba m'manja. Caleb anamupeza Hazel mosavuta: anali amene chitenje chake chinkanjenjemera ndi kulira.

Pobalalika, amalume anangodutsa pafupi ndi Sellah n'kunena kuti, "Aphunziradi." Hazel, maso ali ofiira, sanamukumbatire.

"Achemwali, paukwati mudzabwere ndi Lisa. Alamu akafuna kubwera, abwere ndi manja okha."

Mbiri inafika pa esiteti iwo asanafike. Lolemba, amayi othyola tiyi ataima pamzere ndi madengu awo, wina anayambitsa chapansipansi, "Gona m'bale, gona," mzere wonse n'kuvomera, a kalaliki akuwerenga sikelo ngati sakumva. Dzina la DJ analipeza ndithu, lokhala ndi mchira wake: DJ Maliro. Bambo wina wa kwa Nsabwe anafika mpaka pakhomo, chipewa m'manja, kudzafunsa mwaulemu ngati angapezeke tsiku lomanga chiliza cha malemu mayi ake, poti wamva kuti nyimbo zoterezi amazitha.

Patapita milungu, Sellah anapeza a Crispin pa tebulo ndi kasipika kobwereka, vidiyo ikuyenda osaidumphitsa, hedifoni imodzi ili pakhutu, ina kuseri kwa khutu.

"Mukudziwa, mayi a Lisa," anatero osatembenuka, "pa ntchito imeneyi khutu limodzi lizikhala panja."

"Zoona? Ine sindimadziwa," anatero Sellah, napita kukayang'ana phala.

Munthu amene watseka makutu onse awiri, ngakhale m'kati mukome bwanji, palibe polowera womuuza kuti kunja kwaipa. Akuluakulu sananame: Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.