Sailasi, Munthu Woyamba Kupereka Moni Akuyenda

Khalani pansi ana inu, ndipo "tili tonse" wanuyo muyankhe kamodzi kokha basi, chifukwa nthanoyi ndi ya anthu osakonda kuchedwetsedwa.

Kalekale, magalimoto asanabwere, anthu a ku Amereka ankadziwa kupereka moni kuposa ife. Musaseke. Ife tikafunsana za ana ndi za mvula timasiyana, koma kwa iwo moni unali ntchito ya tsiku lathunthu. Munthu potuluka m'nyumba ankabereka kampando kumsana, chifukwa ukakumana ndi mnzako panjira unkayenera kukhala pansi, kuvula chipewa, n'kufunsa kuti, "Muli bwanji?" Wofunsidwayo ankayenera kunena zoona zokhazokha, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako za mkazi, za ana, za hatchi, ndi za nkhuku iliyonse payokhapayokha. Choopsa chinali chakuti ukangotchula vuto, mudzi wonse unkabwera kudzakuthandiza, ufune usafune.

M'dziko limenelo munali kalipentala wina dzina lake Sailasi, munthu waluso koma wonyada. Tsiku lina anachita tsoka. Poyankha moni wa mayi Tabita, oyandikana naye nyumba, anatchula kuti chala chachikulu chakuphazi chikumuyabwa. Basi! Mayi Tabita anakuwa. Amuna anathamanga ndi machira, anamunyamula, anakamugoneka, amayi n'kumufunditsa mabulangete mpaka kunangotsala mphuno. Ena anamulimira munda umene iye sankafuna kulima. Ena anapenta nyumba yake mtundu umene ankadana nawo. Mkulu wina wachifundo ankabwera kudzamudyera chakudya kuti nsagwada zipume. Pamene ankamulola kudzuka, anthu anali atakolola kale, chikhalirecho chalacho chinasiya kuyabwa tsiku loyamba lomwe lija.

Tsono Sailasi ankakonda mtsikana wina dzina lake Hulda, mwana wa a Ebenezere osula zitsulo. Hulda naye ankamukonda. Koma a Ebenezere anaganiza zosamukira kumadzulo, kumene ankamva kuti malo ndi ambiri ndipo anthu ndi ochepa. Sailasi atamva, sanafune za ankhoswe. Anapita yekha kukafunsira mbeta.

A Ebenezere anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchala kuja. "Iwe si uja unagona dzinja lonse chifukwa cha chala?" anatero. "Mwana wanga ndimupereka kwa mwamuna wodziimira payekha. Mawa dzuwa likapendeka tidutsa pamphambano. Tikakupeza pomwepo, utafika ndi miyendo yako, wopanda wokunyamula kapena wokugwira dzanja, ukwera nafe ngolo. Ukapanda kutero, Hulda ndapita naye."

Pomuperekeza, Hulda ananong'ona kuti, "Chonde a Sailasi, musachedwe. Bambo anga akati apita, amapitadi. Ndipo kumene tikupitako ngakhale iwowo sakukudziwa."

Kutacha, Sailasi anaganiza za nyumba zonse zimene zinali pakati pa kwawo ndi mphambano, nyumba iliyonse ndi moni wake. Anaona kuti akatsata mwambo akafika Hulda ali ndi zidzukulu. Ndiye anachita chinthu chimene munthu anali asanachitepo: anasiya kampando kake pakhomo n'kutuluka msana uli wopanda kanthu.

Woyamba kukumana naye anali mayi Tabita omwe aja. Anali atakhazika kale kampando kawo pakati pa njira.

"Muli bwanji a Sailasi?"

Nsapato inkamuluma. Koma iye anaonetsa mano onse n'kuyankha osaima, "Ndili bwino, kaya inu!"

"Bwino? Thupi lonse? Nanga chala?"

"Chili bwino!"

"Nanga za msana wanga simumva?"

"Uli bwino!" anakuwa Sailasi ali kutali.

Mayi Tabita anatsala kukamwa kuli yasa. Anabwerera kunyumba atakhumudwa, koma atafika anapeza chodabwitsa: kunja kunali kukadali m'mawa. Chibadwire anali asanaonepo m'mawa wautali chonchi. Anachapa, anaphika buledi, anamanga khola la nkhuku, anaphwasula, anamanganso, koma dzuwa linali lisanafike pamutu. Poyamba anachita mantha. Kenako anakomedwa nazo, n'kuthamanga kukauza mnzawo, ndipo anamuuza akuyenda.

Nkhaniyo inathamanga kuposa mwini wake, inamupitirira panjira. Pofika masana anthu anali kuponya timipando m'tchire. Bambo wina denga lake likuyaka moto, anthu akudutsa n'kumufunsa, iye akumwetulira ndi ndowa m'manja, "Ndili bwino!" Mayi wina ng'ombe itamuponda phazi n'kuima pomwepo, nayenso, "Ndili bwino!" Aliyense anasangalala kuti tsopano ali ndi nthawi yake, ndipo palibe womupentera nyumba.

Sailasi ataona kuti dzuwa layamba kupendeka, anati adule njira podzera m'dambo limene linali pafupi ndi mphambano. Anangoyenda pang'ono, thapwi! Matope anamumeza mpaka m'mawondo. Atadzigwedeza anafika m'chiuno. Atadzigwedezanso anafika m'khosi. Kunja kunangotsala mutu ndi chipewa, ndipo chule wina anakwera pachipewapo n'kukhazikika.

Msewu unali pomwepo, anthu ankadutsa n'kumuona. "Muli bwanji?" Iye, "Ndili bwino!" Mmodzi yekha, mlimi wina amene ananyamula chingwe paphewa, ndiye anaima.

"Achimwene, ndikuponyereni chingwechi?"

"Zikomo kwambiri, ndituluka ndekha."

Mlimiyo anavula chipewa mwaulemu. "Ndi ufulu wanu," anatero, n'kumapita.

Posakhalitsa kunamveka kulira kwa mateyala a ngolo. A Ebenezere anali kutsogolo atagwira zingwe za mahatchi, Hulda atakhala pamwamba pa katundu, maso ali uku ndi uku. Pamphambano panalibe munthu. Kenako anaona chipewa m'dambo, pansi pake pali mutu umene ankaudziwa.

"Bambo, imani! A Sailasi! Muli bwanji kumeneko?"

Sailasi anaganiza mofulumira. Akapempha chithandizo, a Ebenezere ati wagwiridwa dzanja, ndiye kuti Hulda wamutaya. Akakhala chete, ngolo ipita, koma mwina adzaipeza. Anaonetsa mano, matope ali m'makutu.

"Ndili bwino!"

"Nanga mukutani m'matopemo?"

"Ndikutuluka. Pang'onopang'ono."

A Ebenezere anagwedeza mutu mokhutira. "Mwamuna uyu ndayamba kumukonda," anatero. "Sapempha. Koma pamphambano sanafike."

Hulda anavula mpango wake wautali n'kuugwira m'manja. "A Sailasi, ingonenani kuti ndithandizeni, ndikuponyerani mpangowu. Bambo akwiya, koma mkwiyo wawo suchedwa kutha. Chonde nenani."

Ana inu, ine ndikafika pamenepa ndimapsa mtima. Mtsikana akulira, mpango uli m'manja, munthu uli m'matope mpaka m'khosi, pamutu pali chule. Ulemu wanji umene ukuusunga? Koma Sailasi anakumbukira machira aja ndi mabulangete aja.

"Musavutike nane, Hulda," anatero. "Tsogolani, ndikupezani."

A Ebenezere anakwapula mahatchi. Hulda anayang'ana m'mbuyo mpaka chipewa chinasowa.

Kunena zoona, Sailasi anatulukadi yekha. Analuma bango limene linali pafupi ndi pakamwa pake, analumanso lina, analuka chingwe ndi mano, anachiponya ndi khosi mpaka chinakola pachitsa, n'kudzikoka. Zinamutengera masiku, ndipo nsapato zinatsala momwemo. Atangoponda pouma, anayamba kulondola mizere ya mateyala a ngolo.

Analibenso nthawi yokhala pansi. Njala ikamupweteka ankaika nyama pakati pa buledi n'kumadya akuyenda. Khofi ankatayikira pamalaya, choncho anasema chivindikiro cha kapu chokhala ndi kabowo, kuti azimwa osaima. Anthu a m'midzi ataona munthu akuyenda mwaliwiro chonchi, osacheuka, anati, "Kutsogoloku kuyenera kuti kuli chinthu chabwino." Anasema makapu awo n'kumulondola. Palibe anafunsa kuti tikupita kuti, chifukwa kufunsa kukanawachedwetsa.

Tsono kutsogolo kuja, Hulda anali atasiya kudya. Atafika pa mtengo wina waukulu wa m'mbali mwa msewu, anatsitsa bokosi lake m'ngolo.

"Bambo, moyo ndi wanga. Ndimudikira pano."

A Ebenezere misozi inalengeza, koma anali munthu wosabweza mawu. "Ndi ufulu wako, mwanawe," anatero, ndipo ngolo inapitirira.

Hulda anadikira pansi pa mtengowo mpaka udzu unauma n'kuphukanso. Tsiku lina masana anaona fumbi likubwera, gulu la anthu, ndipo kutsogolo kwake munthu wowonda, wandevu, wopanda nsapato, kapu ili m'manja. Anamuzindikira ndi kayendedwe. Anadzuka n'kuima m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Mawu onse amene anakonza anathawa, pakamwa panangotuluka aja a masiku onse.

"Muli bwanji?"

Sailasi maso anali pansi, pa mizere ya mateyala. Anali atayankha moni wochuluka panjira moti makutu ake anasiya kusiyanitsa mawu a anthu.

"Ndili bwino, kaya inu!" anatero, n'kudutsa.

Hulda dzina la Sailasi linali pakhosi. Akanangokuwa kamodzi. Koma anaganiza kuti, munthuyu wandiona n'kundipitirira, ndiye ine ndizimuthamangira ndikupempha? Naye anali mwana wa dziko lomwelo. Anaonetsa mano, misozi ikutsika, n'kuyankha msana wa Sailasi kuti, "Ndili bwino." Gulu lonse linadutsa, aliyense akumupatsa moni, ndipo palibe anaima.

Sailasi anayenda mpaka kumene mtunda umathera ndi kuyamba nyanja yamchere. Kumeneko anapeza ngolo itaima, a Ebenezere akusula chitsulo.

"Ndafika, bambo. Ndi miyendo yanga. Hulda ali kuti?"

A Ebenezere anaika nyundo pansi. "Simunamuone? Anatsika kalekale, kukudikirani pansi pa mtengo, m'mbali mwa msewu womwe mwadzerawu."

Sailasi kapu inagwa m'manja. Anakumbukira mawu ena amene anamva pansi pa mtengo wina, koma sanadziwe kuti unali mtengo uti, pakuti chichokere kudambo sanadzutsepo mutu.

"Mukuoneka ngati mugwa," anatero a Ebenezere. "Muli bwanji kodi?"

Sailasi anaonetsa mano. "Ndili bwino," anatero. Anatola kapu yake, n'kutembenuka, n'kuyamba kubwerera mwaliwiro.

N'chifukwa chake lero munthu wa ku Amereka amakufunsa kuti uli bwanji miyendo ikuyenda, amadya ali panjira, kapu yake imakhala ndi chivindikiro, ndipo ukafuna kumulandira katundu amati zikomo, ndinyamula ndekha. Ukamupempha mosabisa amakuthandiza ndi mtima wonse, koma ukanena kuti uli bwino amakulemekeza n'kukusiya. Si mwano ayi. Ndipo liwiro lawolo musamaliseke kwambiri, ana inu, chifukwa ndi la Sailasi, amene mpaka pano akuyenda mtengo ndi mtengo, kufunsa ngati pansi pake panakhalapo mtsikana ndi bokosi.