Kagalu ka Mayi Wosoka Zovala

Ku Luchenza kunali mayi wina wosoka zovala. Mwana wake wamkazi, pochoka kukagwira ntchito kutali, anamusiyira kagalu kakakazi, koyera, kaubweya wambiri, kosaposa mphaka msinkhu. Kagaluko kankagona pa zigamba pansi pa makina osokera. Mayiyu ankakakonda zedi, pakuti m'nyumbamo munalibenso wina wocheza naye.

Aliyense wobwera kudzasoketsa ankati, "Kakadzaswa mutisungireko kamodzi." Mayi ankangovomera, uyu inde, uyo inde, mpaka tiana tosabadwa tinatha kugawidwa. Mumatidziwa anthufe, timagawana nyama ikadali m'tchire.

Nyengo inakwana yoti kagalu kafune kamuna, ndipo agalu a dera lonse anayamba kuzungulira mpanda. Bambo Likoswe, oyandikana nawo nyumba, anali ndi chigalu cholondera, chachikulu ngati mwana wa ng'ombe. Anasuzumira pampanda nati, "Mayi, mukuvutikiranji? Bweretsani kwa wangayu, ana adzakhale amphamvu. Kapena galu naye amafuna ankhoswe?"

Mayi anaseka. Anakulunga kagalu m'chitenje, ulendo kwa a Likoswe. Atafika pachipata, chigalu chija chinadzuka n'kukoka tcheni. Mayi anayang'ana mutu wake. Kenako anayang'ana chiuno cha kagalu kake, chopyapyala ngati dzanja. Anamva kamtima ka kagaluko kakugunda pamkono pake, ndipo mantha anamugwira.

"Pepani bambo, ndiyambe ndafunsa kaye," anatero mayiyo.

"Mufunse ndani? Agalu akhala akuswana chilengedwere dziko!" anayankha a Likoswe akuseka.

Mayi anabwerera mwamanyazi, koma anabwerera ndithu. Anatsekera kagalu m'nyumba, m'mawa mwake n'kupita nako kwa mlangizi wa ziweto. Mlangiziyo anakagwiragwira, anapukusa mutu, nati, "Amayi, kagalu aka nakonso ndi kamwana. Mukanakapereka kwa galu wamkulu, ana akanakula m'mimba n'kusowa potulukira. Mukanataya ana, mukanatayanso make."

Mayi anakhala pansi pakhonde pomwepo, kagalu kali pachifuwa, n'kupuma mpweya wautali. Ankangoti, "Zikomo Ambuye, zikomo." Safunsa adadya phula, koma iye phulalo analilavula lisanafike kukhosi.

Apa ndiye ntchito inayamba. Anabayitsa kagalu katemera wa chiwewe, anakamwetsa mankhwala a njoka zam'mimba, anatseka mabowo onse a mpanda. Nyengo ina inadutsa iye akungoyang'ana, kuti kagalu kakhwime. Anayenda kufunsafunsa mpaka anapeza kamuna kamsinkhu wofanana, kathanzi, kwa banja lina la ku Thyolo. Kenako anabwerera kwa onse amene anapempha tiana n'kuwafunsa funso limodzi: "Kazikagona pati, ndipo kazikadya chiyani?" Ambiri anangokanda mutu. Wina anati kazikadya zotsala za ana, ngati zilipo. Mayi anamuthokoza mwaulemu, koma mumtima anamuchotsa. Anatsala ndi mabanja ochepa amene anayankha zomveka.

Tsiku loswa, mayi anayala nsanza zochapa bwino m'katoni n'kukhala pambali, ntchito yosoka itaima. Mtima unali m'mwamba. Kamwana koyamba kanatuluka, kachiwiri, kachitatu, tonse tamoyo. Make anatinyambita, n'kudzuka kukamwa madzi ngati palibe chachitika. Mayi anaseka misozi ikutsika, nkhawa yonse itatha.

Abale ndi alongo, fanizoli ndi lathu. Ambirife tili ndi chinthu chimene tikufuna kuti chibale zipatso: banja, ntchito, udindo mumpingo. Kufunako si kulakwa. Kulakwa ndi kuthamanga nacho kwa aliyense amene wayamba kutiitana pampanda, pongoona kuti ndi wamkulu ndipo ali pafupi. Mulungu akatichedwetsa, sikuti akutimana ayi. Akudziwa msinkhu wathu, ndipo akudziwa katundu amene angatithyole. Mantha akakugwirani pachipata, musawanyoze, mwina ndi Mzimu akukukokani malaya. Bwererani ngakhale anthu aseke. Funsani, konzekani, dikirani. Manyazi obwerera pachipata amatha tsiku lomwelo, koma chimene mwachipha ndi phuma simudzachidzutsanso.