Kompyuta Yatsopano ya a Pompopompo

Kuseri kwa nyumba ina ya lendi kunali kachipinda kamene a Pompopompo, ojambula zithunzi za maukwati, ankakatcha ofesi. Dzina lawolo silinagwe kumwamba. Anali munthu wothira madzi ozizira mu tiyi poopa ntchito youzira, ndipo zipi ikakana ankaikoka mpaka kachitsulo kake kutsalira m'manja.

Bambowa anagula ziwalo zatsopano n'kudzimangira okha kompyuta: bokosi lagalasi, zikupizo zowala mitundumitundu, zonse zonunkha sitolo. Ntchito yoyamba inali kale m'manja. Mayi wina wogulitsa nsalu anali atakwatitsa mwana, ndipo analonjeza kubwera Loweruka masana kudzasankha zithunzi zoti zitsukidwe. Mayiyo anali ndi ana ena aakazi pamzere wa ukwati, komanso pakamwa pofika kumene wailesi siifika. Kumukondweretsa kunali kudzitsegulira khomo. Kumukhumudwitsa kunali kudzikumbira dzenje.

Atadina batani, zikupizo zinazungulira, timagetsi tinawala, koma sikirini inangoti bii. Katswiriyo anadikira nthawi yokwana kuyasamula kamodzi, n'kuzula pulagi. Anabwezera, anadinanso. Mdima womwewo. Anazulanso.

Mlamu wawo, amene anawagulitsa ziwalozo, anawauza pafoni kuti makina atsopano amatero: amayamba adziyesa okha ziwalo, ndipo ukawadula moto asanamalize, amakayambiranso pachiyambi. Mankhwala ake n'kuwasiya basi. A Pompopompo anadula foni mlamuyo mawu ali m'kamwa. Iwo anagula liwiro, osati ulaliki. Anasintha chingwe, anasintha soketi, anatukwana kampani, kenaka anamenya bokosilo khofi n'kutuluka kukafuna chingwe china.

Pobwera anapeza kompyuta itayaka bwinobwino. Mkazi wawo, amene ankasita zovala pakhonde, anati yayaka yokha itaona kuti woivutitsa wachoka. Iwo anati ayi, ndi khofi lija. Anathiramo zithunzi za ukwati, mtima uli m'malo.

Koma mawa lake makinawo anazengerezanso pang'ono podzuka, ndipo pang'onopo kwa iwo panali pamaliro. Anamuvutitsa mlamuyo mpaka Loweruka m'mawa anawatumizira pulogalamu yokonza bolodi yaikulu ya m'kati, imene imadzutsa ziwalo zina zonse.

"Alamu, ikangoyamba, manja m'thumba," anatero mlamuyo pafoni. "Sikirini ikazima, musakhudze. Ngakhale nyumba ikupsa, muisiye."

Anavomera ndi pakamwa. Kamzere kanayamba kukwawa pa sikirini, iwo akuzungulira mpando ngati nkhuku yofuna kuikira. Kamzereko katafika pakati, sikirini inazima monga mlamu uja ananenera. Nthawi yomweyo panamveka odi pakhomo, ndipo mkazi wawo anasuzumira kunena kuti mayi wa nsalu wafika.

Apa a Pompopompo anaganiza mozama, monga mwa masiku onse. Kasitomala wolemekezeka alowe n'kupeza sikirini yakuda? Aone katswiri atakhala chete ngati mlonda?

"Abambo, si paja anati musakhudze?" anatero mkazi wawo.

"Iwe umadziwa za simbi."

Anazula pulagi.

Atabwezera n'kudina batani, sipanazungulire chikupizo, sipanawale kagetsi. Bokosi lagalasi lija linangoti duu, lokongola ngati la maliro a munthu wolemera. Anadina ndi chala, anadina ndi chibakera, anapereka khofi lawo lodalirika lija. Zii.

Mayi wa nsalu anali atakhala kale pampando, chikwama pamiyendo, nsapato atavula. Anamvetsera mlamu uja akufotokoza pafoni, mokweza kuti aliyense amve, kuti bolodiyo yaphedwa ili pakati pochira, ndipo iyenera kutumizidwa kutali kwa okonza, kumene zinthu zimabwerako zikafuna.

"Ndiye ntchitoyo inali pafupi kutha?" mayiyo anafunsa. Mlamuyo anati inde, inatsala pang'ono.

Mayiyo anatembenukira kwa a Pompopompo. "Bambo, ine ndatseka sitolo masana onse chifukwa cha zithunzizi. Ndimati ndikhale pano mpaka dzuwa lipendeke. Mumathamangira ndani?"

Mayiyo anavala nsapato zake mosafulumira, anapempha kakhadi ka m'kamera, n'kunena kuti akatsukitsa kwa wojambula wina, yemwenso adzaone za maukwati a ana otsalawo. Potuluka anatsanzika mkazi wawo mwaulemu, n'kumuuza kuti ali ndi mtima wautali.

Masiku ano a Pompopompo amapezeka pabenchi ya kusitolo ya mlamu wawo, kufunsa ngati bolodi yabwera. Amauzidwa kuti abwere mawa, ndipo mawalo amabweradi, n'kukhalanso pabenchi pomwepo, manja ali m'thumba. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.