Foni Yomanga ndi Mphira

Panali munthu wina ku Luchenza amene ankaphunzitsa kwaya ya pampingo wake. Mulungu anamupatsa khutu labwino, koma sanamupatse mtima wokhazikika. Anali ndi foni yakale, yong'aluka sikirini pakona, yomanga ndi mphira kuti chivundikiro cha kumbuyo chisagwe. Batire linkatha dzuwa lisanapendeke. Sipika inkalira ngati muli mchenga, ndipo kabowo ka mahedifoni kanafa kalekale. Komabe inkaimba, inkalandira, inkajambulanso mawu.

Munthuyu anali ndi malume ake, bambo amene anakalambira m'minda ya tiyi. Malumewo anali opeka nyimbo, koma sanalembepo nyimbo papepala. Zonse ankazisunga pakhosi. Atadwala anagonekedwa m'chipatala, ndipo akazi awo, aNachisale, ndi amene ankawadikirira.

Tsiku lina masana, aNachisale atapita kukaphika phala, malume anakodola mwana wa mlongo wawoyo kuti asendere pafupi ndi bedi. Anamuuza kuti ali chigonere apeka nyimbo yothokoza akazi awo. Anati sangawaimbire pamaso, chifukwa amuna a nthawi yawo sanaleredwe kuyamikira mkazi akuwaona.

"Uyiike m'kachinthu kakoko," anatero malume. "Mudzawaimbire tsiku lovundukula chiliza changa."

Munthu uja anatulutsa foni nayamba kujambula. Malume anaimba ndi mawu osasa, akupumira m'njira, mpaka nyimbo yonse inatha. Koma pamene iwo ankaimba, maso a wophunzitsa kwaya anali pa batire, kuopa kuti lingathe nyimbo ili pakati. Khutu labwino lija tsiku limenelo linapita kutchuthi. Anati m'mtima, ndimvetsera bwino kunyumba, poti zalowa kale m'foni. Pasanapite nthawi malume anatisiya.

Maliro atatha, wophunzitsa kwaya uja anayesa kuimvetsera nyimboyo. Mawu a malume anatuluka pamodzi ndi mchenga wa m'sipika muja, ndipo iye anakwiya nazimitsa nyimbo isanafike n'pakati pomwe. Kuyambira pamenepo mtima wake unachoka pa nyimbo n'kupita pa foni.

Ndimudziwa mtima umenewu, ndipo ena mwa inu muli nawo m'thumba. Munthu akayamba kunyansidwa ndi foni yake, maso ake amasanduka akuba. Mnzake akatulutsa foni, iye ankasuzumira. M'minibasi ankafunsa anthu osawadziwa kuti yawo anaigula kuti. Pa ukwati ankayang'ana manja a ojambula m'malo moyang'ana akwati. Ankaona makwaya ena akuika mavidiyo owala pa intaneti, mayunifolomu awo akuoneka ngati angochoka kwa telala, ndipo nsanje inkamudya.

Mkazi wake anamufunsa ngati foniyo yasiya kuimba. Iye anati ikuimba. Anamufunsa ngati yasiya kulandira. Anati ikulandira. Mkaziyo anangoti ndiye vuto lili mwa inu, napitiriza kusita.

Kunena zoona, munthuyu sankalakwa kufuna foni ina. Yakeyo inalidi itatopa, ndipo ntchito yake inkafuna sipika yomveka. Masiku ena ankaganiza zongosinthitsa batire ndi sipika kwa amene amakonza mafoni pamsika, zomwe sizikanamudyera zambiri. Koma akafika pamenepo ankati kuthira ndalama m'foni yakale n'kuthira madzi m'dengu. Akaganiza zogula yatsopano, ankati n'zodula. Akaganiza za yogwiritsidwapo kale ntchito, ankaopa kugula yakuba. Akamva za mafoni olipira pang'onopang'ono, ankaopa kuti akachedwa kulipira adzamutsekera. Ankadzuka atasankha china, n'kugona atasankha china.

Anayamba kuyendayenda. Akamva kuti ku Thyolo kwafika mafoni otchipa, ankapita. Akafika n'kumva kuti ku Limbe ndiye n'kwabwino, ankabwerera chimanjamanja. Akasonkhanitsa kangachepe, mitengo inali itakwera kale. Ogulitsa anafika pomuzolowera. Akamuona akubwera ankati abwera abambo ogwiragwira aja, chifukwa ankagwira foni iliyonse, kuitembenuza, kujambula nayo denga, n'kuibweza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'kati mwa zonsezi, a m'kwaya ankamukumbutsa za nyimbo ya malume. Mayi wina woimba alito anamupempha kuti aitumize pa gulu lawo la WhatsApp, aliyense aziimvetsera kwawo. Iye anakana. Anati nyimbo ikangolowa pa gulu, mawa lake mudzaimva ikuimbidwa ndi kwaya ya tsidya lija ngati yawo. Anati adikire, akagula foni yatsopano adzakhala nawo pansi n'kuwaphunzitsa mzere ndi mzere.

Nawonso aNachisale anamva kuti amuna awo anasiya mawu m'foni. Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi anamuimitsa pansi pa mtengo wa mango. Sanafunse zambiri. Anangopempha kuti awamveko pang'ono.

Munthu uja anagwira foni m'thumba, chala chake chikukhudza mphira ija, ndipo anachita manyazi. Anthu anali akudutsa. Kutulutsa chinthu chomanga ndi mphira, n'kuliza mchenga pamaso pa mpingo wonse, kunamulemera.

"Mayi, dikirani pang'ono," anatero. "Foni iyi ikuwononga mawu. Ndikufuna mudzawamve bwinobwino, ngati ali pompano."

ANachisale anagwedeza mutu nakonza mpango wawo. Anali mayi ozolowera kudikira.

Mvula inabwera, inapita. Anthu anakolola. Abale anakhala pansi nagwirizana tsiku lovundukula chiliza, ndipo amisiri anayamba kuumba. Apa mpamene munthu uja anadzidzimuka. Tsiku linali litayandikira, kwaya sinkadziwa ngakhale mzere umodzi, ndipo foni yatsopano kunalibe. Amene anazengereza nyengo yonse tsopano anayamba kuthamanga.

Anakwera minibasi ya ku Limbe m'mamawa. Anazungulira masitolo, anazungulira mabenchi a ogulitsa mafoni, thukuta lili kamukamu. Dzuwa litafika pamutu anapeza kashopu kena kopanikizika pakati pa wogulitsa nsapato ndi wogulitsa zingwe za magetsi. M'galasi munali foni imene mtima wake unkaifuna: sikirini yaikulu, makamera atatu kumbuyo, sipika yomveka mpaka pamsewu. Mtengo wake unapitirira zimene anali nazo m'thumba, koma osati kwambiri.

Wogulitsa anamuyang'ana, nayang'ananso foni yomanga ndi mphira imene inali m'dzanja lake. Anati atha kugwirizana. Asiye yakaleyo, awonjezere zimene ali nazo, atenge yatsopano. Anati yakaleyo ili ndi msika wake, ena amaifuna yokonza, ena amafuna zipangizo zake. Anawonjezera kuti foni ya m'galasiyo yatsala imodzi, ndipo pali wina amene anati abweranso madzulo.

Aka kanali koyamba kuti mtengo ndi thumba zigwirane chanza. Munthu uja anavomera pomwepo. Anamasula mphira, anachotsa chivundikiro, anasolola simukhadi yake.

Wogulitsayo sanali wakuba, ndipo ndikufuna mumve bwino pamenepa. Asanalandire foni yakale anafunsa kuti, "Bwana, mwachotsamo zanu zonse?"

Tsono munthuyu anali ndi chidziwitso chake. Kale, pamene ankachoka pa kafoni ka mabatani, anangosamutsa simukhadi ndipo manambala onse a abale anamutsatira. Kuyambira tsiku limenelo ankakhulupirira kuti foni ndi chigoba chabe, zonse zimakhala m'simu. Komabe funso lija linamukanda pang'ono. Akanatha kufunsa kuti nanga mawu ojambula amakhala kuti. Koma pambali pake panaima anyamata a m'tauni akuseka zawo, ndipo iye sanafune kuoneka wakumudzi. Ananyamula kasimukhadi kaja pakati pa zala ziwiri, nakaonetsa m'mwamba.

"Zonse zili umu," anatero.

Anatuluka ndi bokosi lonyezimira. M'minibasi anakhala cha pazenera kuti anthu aone bwino. Anajambula minda ya tiyi, anajambula phiri, anajambula nkhope yake kangapo konse. Kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri mtima wake unakhala pansi.

Mawa lake anaitanitsa kwaya. Onse anabwera, poti analonjezedwa kwa nthawi yaitali. Anaika foni patebulo, anakweza voliyumu, natsegula pamene pamakhala mawu ojambula. Munalibe kanthu. Anatsegula pena, anatsegulanso pena. Manambala analipo onse, ngakhale a anthu amene anamwalira kale. Nyimbo ya malume munalibe. Mayi wa alito uja anatenga foniyo, anafufuza, kenaka anamuuza mofatsa kuti simukhadi simanyamula nyimbo.

Anathamangira ku Limbe. Wogulitsa anamukumbukira, ndipo anamva naye chisoni. Anati mwambo wa ntchito yawo ndi wakuti foni ya munthu ikangolowa amafufuta zonse nthawi yomweyo, kuti zinsinsi za mwini wake zisapite kwa mlendo. Yakeyo anaifufuta dzulo lomwelo. Anatsegula kabati natulutsa foni ija, itavala chivundikiro chatsopano, yopanda mphira, yopanda kanthu m'kati. Anamukumbutsa kuti anafunsa. Munthu uja sanatsutse. Safunsa anadya phula, koma uyu anachita kufunsidwa, n'kudyabe.

Ali m'njira yobwerera anayesa kuikumba nyimbo ija m'mutu. Anang'ung'udza, anagogoda bondo, anatseka maso. Chimene chinatuluka ndi mzere woyamba wokha, uja anaumva asanazimitse mokwiya: Nachisale, unanditungira madzi dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pake panali mdima. Akanatha kupeka yake n'kunena kuti ndi ya malume, ndipo palibe akanadziwa. Analingalira zimenezo njira yonse. Koma atatsika, miyendo inamutengera kwa aNachisale.

Anawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anakhala pansi, nafotokoza zonse, osabisa kanthu. Anati ankafuna kuti adzawamve amuna awo ndi mawu oyera.

ANachisale anasiya kusankha nyemba, manja ali m'lichero.

"Mwana wanga," anatero, "malume ako anakhala akusasa mawu chaka chonse chomaliza. Ankatsokomola pakati pa mawu aliwonse. Ine mchengawo sukanandivuta. Ndikanawazindikira."

Tsiku la chiliza linafika. Nsalu itachotsedwa, kwaya inaimirira ndi kuimba mzere umodzi uja. Inaubwereza, inaubwerezanso, chifukwa panalibe poti ipitirire. ANachisale anamvetsera atatchera khutu, milomo ikuyenda, kudikira mzere wachiwiri. Wina wa m'kwaya anajambula mwambo wonse ndi foni yatsopano ija. Vidiyoyo inatuluka yowala kwambiri, moti nkhope ya mayi wodikirayo imaoneka bwinobwino. Mwini foni sanaionerepo mpaka kumapeto.

Tsono inu amene mwakhala apa, ndikuona ena manja ali kale m'matumba. Sindikuti musagule foni yatsopano. Yanu ikatopa, gulani, ndipo funsani mitengo, musaberedwe. Koma musanaisiye yakale pa kauntala, khalani pansi muone chimene yanyamula. Pamene simukudziwa funsani, ngakhale anyamata akusekeni. Mtengo wotchipa umene ukuti fulumira uli ndi mbali ina imene sinalembedwe pagalasi.

Ndipo chachikulu ndi ichi. Pali munthu amene mukumuuza kuti adikire mpaka zinthu zanu zikhale bwino. Mudzamuimbira mukagula foni yabwino. Mudzamuyendera mukapeza nsapato zooneka. Iyeyo sanapemphe zoyera. Chimene muli nacho lero, ngakhale chili chomanga ndi mphira, ngakhale chikulira mchenga, chitulutseni m'thumba amve.